Top Gear ya 2016: Milungu Isanu ndi Umodzi ya Chris Evans

Usiku wa pa 4 Marichi 2015, Jeremy Clarkson adafika mochedwa pa hotela ina ya ku North Yorkshire, kumpoto kwa England, atatha tsiku lonse akujambula pulogalamu ya magalimoto ya Top Gear. Ankafuna nyama yootcha yotentha. Adapeza ophika ataweruka kale, chakudya chomwe chidatsala chili chozizira. Mkwiyo wake udagwera m'modzi mwa anyamata oyendetsa ntchito yojambula. Adamulalatira kwa nthawi yaitali, komanso adamuthira chibakera chomwe chidamung'amba mlomo, moti mnyamatayo adakaonekera kuchipatala.

BBC idayamba yamuimitsa kaye ntchito Clarkson kuti ifufuze. Okonda pulogalamuyi adakwiya, koma chidawakwiyitsa si chibakeracho ayi, ndi kuimitsidwako. Anthu oposa 1 miliyoni adasayina kalata ya pa intaneti yopempha kuti munthu wawo abwerere, ndipo kalatayo adakaitula ku likulu la BBC ku London atakwera galimoto yankhondo. Sizidaphule kanthu. Pa 25 Marichi mkulu wa bungweli, a Tony Hall, adalengeza kuti kontirakiti ya Clarkson ikatha sadzaionjezeranso. Pasanapite nthawi, anzake awiri oulutsa nawo, Richard Hammond ndi James May, adati nawonso sapitiriza. Andy Wilman, yemwe ankatsogolera ntchito yonse kuseri kwa makamera, naye adatula pansi udindo. Pofika kumapeto kwa Julaye, anayiwa anali atasayinirana ndi kampani ya Amazon.

BBC idatsala ndi dzina la pulogalamu, nyimbo yake yotsegulira, bwalo la ndege lakale la Dunsfold ku Surrey komwe ankajambulira, ndi The Stig, dalaivala wovala zoyera yemwe salankhula ndipo savula chisoti. Zonsezi idali ndi ufulu wopitiriza kuzigwiritsa ntchito mwalamulo. Funso linali loti, kodi anthu ankatsegula kanema Lamulungu lililonse madzulo pofuna zimenezi?

Dzina la Top Gear lidalipo kale anthu atatu aja asanalowemo. Idayamba mu 1977 ku Birmingham ngati pulogalamu yofatsa yolangiza oyendetsa galimoto: ya mtundu uti imamwa mafuta pang'ono, lamba wapampando n'ngofunikira bwanji, malamulo atsopano apamsewu akuti chiyani. Clarkson adalowamo mu 1988 ndipo adatchuka chifukwa cha pakamwa pake posasankha mawu. Mu 2001 BBC idaitseka. Chaka chotsatira Clarkson ndi Wilman, omwe adadziwana ali anyamata kusukulu ya Repton, adaidzutsanso koma ataisintha kotheratu. Adaisamutsira m'chinyumba chosungiramo ndege, anthu oonerera ataimirira mozungulira oulutsa. Panja adakonza msewu wothamangitsira magalimoto, ndipo mlendo wotchuka wa sabata imeneyo ankapatsidwa kagalimoto kotsika mtengo, poyamba Suzuki Liana, kuti aone ngati angapose anzake.

Chomwe ambiri adaiwala mu 2016 n'chakuti pulogalamu ya 2002 ija sidayambe ndi moto. M'chigawo choyamba May mudalibe. Pamalo pake padali Jason Dawe, yemwe ankafotokoza mitengo ya magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito. May adabwera mu 2003. Ngakhale pamenepo padatenga zaka kuti aliyense apeze malo ake: Clarkson wodzitama ndi waphokoso, Hammond wamfupi ndi wojijirika, May wodekha, wochedwa pa chilichonse, wokonda kulongosola za injini mpaka anzake kutopa naye. Adaphunzirana pang'onopang'ono, nthawi imene palibe nyuzipepala inkawawerengera owonera m'mawa uliwonse.

Pang'ono ndi pang'ono magalimoto adasanduka chifukwa chongokumanira. Mu 2003 adatenga Toyota Hilux yakale ya dizilo, galimoto yomwe aliyense kuno kwathu amaidziwa, n'kuigundanitsa ndi mtengo, kuisiya m'nyanja mpaka madzi kuimiza, kuiyatsa moto, pomaliza n'kuikweza padenga la nyumba yosanja yomwe inkagwetsedwa ndi mabomba. Makaniko ataifukula m'zigumukire adaigwiragwira ndi masipanala okha, osaika chitsulo chatsopano ngakhale chimodzi, ndipo idalira. Mu 2007 adadutsa chipululu cha mchere cha Makgadikgadi ku Botswana pa magalimoto akale otsika mtengo, Hammond n'kukondana ndi Opel Kadett yake ya 1963 mpaka kuipatsa dzina loti Oliver ndi kupita nayo kwawo. Mu 2013 adayenda mu Uganda, Rwanda ndi Tanzania, ati kufunafuna gwero la mtsinje wa Nile. Buku la Guinness World Records lidailemba kuti ndi pulogalamu ya zochitika zenizeni yoonetsedwa m'maiko ambiri kuposa ina iliyonse, ndipo owonera padziko lonse ankawayerekeza kuti ndi 350 miliyoni. Kwa BBC, yomwe ku Britain siulutsa malonda koma imadalira chiphaso chomwe nyumba iliyonse yoonera kanema imalipira, chomwe nthawi imeneyo chinali mapaundi 145.50 pachaka, ndalama zogulitsa Top Gear kunja sizinali zoseweretsa.

Sikuti zonse zinali zokoma. Nthabwala za Clarkson kangapo konse zidanyoza anthu a mitundu ina, BBC n'kumapepesa. Mu 2014 gulu lonse lidachita kuthawa ku Argentina anthu akuligenda, chifukwa nambala ya Porsche ya Clarkson, H982 FKL, anthu adaimva ngati chipongwe chokumbutsa nkhondo ya ku zilumba za Falkland ya 1982. Chibakera cha ku Yorkshire chidapeza mtsuko utadzaza kale.

Mu Juni 2015 BBC idalengeza kuti mpando wapita kwa Chris Evans. Poganiza mwa pa pepala, kusankhako kunali kwanzeru. Evans ankaulutsa pulogalamu ya m'mamawa pa BBC Radio 2, yomwe inali ndi omvera ambiri kuposa ina iliyonse m'dzikomo. Pa kanema adatchuka kale ndi The Big Breakfast ndi TFI Friday. Magalimoto ankawakonda zenizeni, ankasunga ma Ferrari akale a mitengo yoopsa. Koma ntchito ya pa wailesi sadaisiye. Ankadzuka kusanache masiku asanu pa sabata kukaulutsa kwa maola atatu, ndipo kumapeto kwa 2015 adalinso kalikiliki ndi TFI Friday yomwe idabwereranso pa Channel 4. Pamwamba pa izi ankayenera kumanga pulogalamu yomwe akatswiri ake ambiri olemba ndi kujambula anali atatsatira Wilman. Mu Disembala Lisa Clark, yemwe adabwera kudzatenga malo a Wilman, adachoka atangogwirako miyezi yowerengeka.

Mu Febuluwale 2016 adalengeza ena onse. Wodabwitsa anali Matt LeBlanc wa ku America, yemwe dziko limamudziwa ngati Joey wa m'sewero la Friends. Sikuti adangomutola chifukwa cha nkhope: mu 2012 adabwerapo ngati mlendo ndipo adathamangitsa Kia Cee'd mofulumira kuposa alendo ena onse amene adaigwirapo. Padalinso Sabine Schmitz wa ku Germany, yemwe adakulira pafupi ndi msewu woopsa wa Nürburgring ndipo adapambana mpikisano wa maola 24 wa kumeneko mu 1996 ndi 1997. Eddie Jordan, mwini wakale wa timu ya Formula One. Chris Harris, mtolankhani wa zamagalimoto yemwe adatchukira pa YouTube. Ndi Rory Reid, yemwe adasankhidwa BBC itauza aliyense wofuna kuti atumize kavidiyo kodziyesa. Pamalo pa anthu atatu padabwera asanu ndi m'modzi, ambiri mwa iwo osadziwana n'komwe.

Manyuzipepala a ku Britain adali atanola kale mipeni. Mu Januwale adatulutsa zithunzi za Evans atawerama m'mbali mwa msewu ku California, mseru utam'gwira atakwera Audi R8 yomwe Schmitz ankayendetsa. Mu Marichi kudabuka nkhani yaikulu. LeBlanc ndi katswiri wa mipikisano Ken Block adajambulidwa pakati pa mzinda wa London ali mu Ford Mustang yosinthidwa, akuizunguza pamalo amodzi, matayala akulira, utsi uli tolotolo, chapafupi ndi Cenotaph, chipilala chokumbukira asilikali omwe adafera kunkhondo. Kwa anthu a ku Britain pamenepo ndi pamalo opatulika. Matayala adasiya mizere yakuda pamsewu wa Whitehall, asilikali opuma adadandaula, ndipo Evans adapepesa pa wailesi, n'kulonjeza kuti mbali imeneyo sadzaionetsa. Nayo nduna ya zachuma, a George Osborne, idalemba pa Twitter mwanthabwala kuti phokoso la ojambulawo likuisokoneza polemba bajeti. Pulogalamu idali isanaoneke ngakhale kamodzi, koma anthu ambiri anali atagamula kale mlandu.

Idayamba Lamulungu pa 29 Meyi 2016, 8 koloko madzulo, pa BBC Two. Evans adathamangira pabwalo atavala malaya achikasu, akukuwa, manja akuuluka uku ndi uku, akulimbikitsa oonerera kuti aombe m'manja. Adaponyako nthabwala yoti pa pulogalamuyi nkhani za chakudya sazikambanso. Kenaka kudabwera mpikisano wa Dodge Viper ACR ndi Chevrolet Corvette Z06 pa bwalo la ndege zankhondo ku Nevada, LeBlanc akudumphitsa Ariel Nomad m'chipululu cha ku Morocco, ndi ulendo wochokera ku London kupita ku Blackpool pa timagalimoto ta matayala atatu ta Reliant Rialto, kena atakapenta mbendera ya Britain, kena ya America. Alendo anali wophika wotchuka Gordon Ramsay ndi wamasewero Jesse Eisenberg. Kagalimoto kotsika mtengo kaja adakachotsa n'kuikapo Mini Cooper ya mpikisano, ndipo msewu adauonjezera fumbi, madzi ndi podumpha.

Zithunzi zinali zokongola ngati kale, penanso kuposa. Vuto lidali m'makutu. Pasanathe theka la ola, pa Twitter anthu zikwizikwi anali akufunsa chinthu chimodzi: munthuyu akukuwiranji? Pa wailesi ya m'mamawa mawu okwera amadzutsa munthu ali m'tulo. Lamulungu madzulo, banja litakhuta lili phee pabalaza, mawu omwewo amaboola mutu. Ena adati kuseka kwa oonerera kudachita kuonjezeredwa ndi makina, zomwe BBC idakana. Olemba ndemanga ambiri adagwirizana pa mfundo ziwiri: LeBlanc, wolankhula mwapansipansi ndi mosathamanga, anali bwino kuposa momwe ankayembekezera; ndipo pulogalamu yonse idangokhala ngati yakale ija koma eni ake atachotsedwamo.

Mfundo yachiwiriyi ndiyo yolemera. Evans ndi gulu lake akadatha kusankha chimodzi mwa ziwiri, kuphwasula zonse n'kumanga zawo, kapena kusunga zakale mofatsa kwinaku akuzolowerana. Iwo adasunga mafupa onse, bwalo lomwelo, bolodi lomwelo lolembapo nthawi, mawu omwewo oitanira The Stig, ngakhale kamvekedwe ka ziganizo za Clarkson, ndiye mphindi iliyonse inkakumbutsa owonera za munthu yemwe palibe. Ulendo wa ku Blackpool udaonetsa bwino chomwe chidasowa. Kale galimoto ya m'modzi ikafa panjira, anzake ankamuseka n'kumusiya pomwepo, ndipo woonera ankaseka nawo chifukwa ankadziwa kuti madzulo akadyera pamodzi. Kunali kunyozana kwa pachisuweni, komwe mawu oti mlendo atakuuza mungamenyane, msuweni akanena mumangogwa ndi phwete. Chisuweni chotero sachilemba mu kontirakiti. Evans ndi LeBlanc ankayesetsa kunyozana, koma ankaoneka kuti ndi anthu aulemu awiri omwe akumana posachedwa, aliyense akusamala kuti asamulakwire mnzake.

Kenaka kudabwera manambala. Ku Britain owonera amawawerengera pawiri. M'mawa mwake mumatuluka chiwerengero cha omwe adaonera usiku womwewo. Pakatha sabata kumabwera china chophatikiza omwe adajambula n'kuonera tsiku lina. Evans anali atanena yekha kuti akhumudwa ngati owonera safika 5 miliyoni. M'mawa wa Lolemba chidatuluka chiwerengero cha pafupifupi 4.4 miliyoni, pomwe Clarkson ndi anzake ankadutsa 5 miliyoni. Evans adadziteteza pa Twitter kuti mwa anthu 100 aliwonse omwe adatsegula kanema ola limenelo, 23 ankaonera iye, ndipo adaumirira kuti pulogalamu yapambana. Pamenepa sadaname kwenikweni, chifukwa pophatikiza oonera mochedwa chiwerengero chidaposa 6 miliyoni. Kungoti nambala yachiwiriyi imafika mitu ya nkhani itasindikizidwa kale, ndipo munthu wodzichemerera yekha anthu samumvera chisoni.

Sabata yachiwiri idabwera kuno kumwera kwa Africa. Evans, LeBlanc ndi Jordan adanyamuka ku Durban pa Jaguar F-Pace, Porsche Macan ndi Mercedes-Benz GLC, aliyense atanyamula woimba wake, Tinie Tempah, Sharleen Spiteri ndi Seasick Steve, kulowera ku Sani Pass, msewu wamiyala wokhotakhota wokwera kumapiri a Lesotho, komwe kuli malo omwera mowa omwe amadzitcha okwera kwambiri mu Africa. Durban sunali mzinda wachilendo kwa Top Gear, poti Clarkson ndi anzake adachititsapo zionetsero pa bwalo la Moses Mabhida. Mapiri adaoneka bwino, ndipo Evans anali atatsitsako mawu. Koma owonera a usiku womwewo adatsika kufika 2.8 miliyoni. Anthu oposa miliyoni ndi theka anali atabwera kudzangosuzumira sabata yoyamba ija, ndipo sadabwerenso.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pulogalamu idayamba kukoma anthu atachoka kale. Harris ndi Reid m'masabata awiri oyamba adawasiya ku Extra Gear, kapulogalamu kotsatira komwe kankaonetsedwa pa intaneti. Atawalowetsa sabata yachitatu, Harris adagwira Ferrari F12tdf, galimoto yolusa yosakhululukira dalaivala wosasamala, n'kumaiyendetsa cham'mbali pa ngodya iliyonse uku akulongosola modekha zomwe chiwongolero ndi matayala akumbuyo zikuchita. Ameneyu sankatsanzira munthu. Ankadziwa ntchito yake, ndipo woonera ankamva kuti akuuzidwa ndi wodziwa. Reid naye adaoneka womasuka pamaso pa kamera. Olemba ndemanga adayamba kufunsa chifukwa chomwe awiriwa adawabisira poyamba.

Nyengo nayo idawakana. Mpikisano wa mpira wa Euro 2016 udayamba pa 10 Juni ku France, ndipo masewero ena ankagwa Lamulungu 8 koloko yomweyo. Pa 23 Juni dziko lidavota zotuluka mu European Union, nkhani yomwe idameza china chilichonse. Owonera adayendayenda pakati pa 2.3 ndi 2.7 miliyoni. Pulogalamu yomaliza, ya pa 3 Julaye, idakumanizana ndi masewero a France ndi Iceland, timu yaing'ono yomwe inali itangotulutsa kumene England, ndipo aliyense ankafuna kuona ngati ichitenso zodabwitsa. France idapambana 5-2. Top Gear idapeza 1.9 miliyoni, chomwe panthawiyo chinali chiwerengero chotsika kwambiri chibwerereni mu 2002.

Mawa lake, pa 4 Julaye, Evans adalengeza kuti akusiya. Adati adayesetsa ndi mphamvu zake zonse koma nthawi zina zimenezo sizikwanira, ndipo adayamikira anzake ogwira nawo ntchito. Anali atasayina zaka zitatu. Adaulutsa mapulogalamu 6.

Kodi tinene kuti adalakwa ndi Evans yekha? Zina adazipalamula yekha ndithu: kusenza ntchito zambiri nthawi imodzi, kutchula nambala yomwe adadzamangidwa nayo, kukangana ndi owonera pa Twitter m'malo mongokhala chete n'kukonza. Koma BBC nayonso idafuna kuti mwana abadwe ali ndi mano. Idagulitsiratu pulogalamuyi kumaiko ambirimbiri isanaione, idasonkhanitsa gulu mothamanga, ndipo idapereka milungu isanu ndi umodzi ku ntchito yomwe eni ake oyamba idawatengera zaka. Aliyense amene akadakhala pampando umenewo choyamba akadapsa. Evans adapsa msanga chifukwa khalidwe lake ndi lodziika kutsogolo, pomwe ntchitoyi inkafuna munthu wotha kudzichepetsa kuti gulu lioneke.

Clarkson, Hammond ndi May adatulutsa The Grand Tour pa Amazon pa 18 Novembala 2016, akuyenda ndi chitenti chachikulu dziko ndi dziko. Pulogalamu yawo yachiwiri adajambulira ku Johannesburg. Nawonso sadayambe mosalala. Zinthu zina zomwe adapanga pofuna kulowa m'malo mwa za BBC, zomwe sakadatha kuzitenga, owonera sadazikonde ndipo adazisiya chitatha chigawo choyamba. Koma anthu adawapirira, chifukwa anali atatu omwe aja. Adapitiriza mpaka mu Seputembala 2024, pomwe adatsanzika ndi ulendo wodutsa mu Zimbabwe kukathera ku Botswana.

Ku BBC, Top Gear idabwerera mu Marichi 2017 ndi anthu atatu okha, LeBlanc, Harris ndi Reid. Mini ya mpikisano ija adaichotsa, phokoso lidachepa, ndemanga zidafewa, ngakhale owonera sadabwerere pomwe adali kale. LeBlanc adachoka mu 2019, akunena kuti maulendo akumutalikitsa ndi banja lake. M'malo mwa iye ndi Reid mudalowa wanthabwala Paddy McGuinness ndi katswiri wakale wa kiriketi Andrew Flintoff, ndipo ulendo wawo woyamba ndi Harris udali wa ku Ethiopia. Atatuwa adagwirizana msanga, owonera adachuluka, moti mu 2020 pulogalamu idasamutsidwira ku BBC One, komwe ngakhale Clarkson sadafikeko. Mu Disembala 2022 Flintoff adavulala kwambiri kumaso galimoto ya matayala atatu ya Morgan itagubuduzika naye ku Dunsfold. Kujambula kudaima, ndipo mu Novembala 2023 BBC idalengeza kuti pulogalamuyi yaigoneka kaye, osatchula tsiku lodzaidzutsa. Mwa oulutsa asanu ndi m'modzi a mu 2016 aja, yemwe adafika nayo kumapeto ali woulutsa wa sabata ndi sabata anali Chris Harris yekha, uja adamusiya kunja m'masabata awiri oyamba.